Mphira ya a Mubweremawa pa Phazi la Sokosi

A Mubweremawa asoka nsapato zaka makumi anayi pakhonde limodzimodzi la sitolo ya zitsulo, ndipo pa zaka zonsezo sanalakwitsepo kanthu. Mukafuna umboni kawafunseni eni ake. Nsapato ikamatuka patangopita masiku awiri, wolakwa ndi mwini wake chifukwa amayenda mokhwekhwereza mapazi. Ikathina, ndiye kuti phazi latupa. Ikasowa pa mulu wa zinzake, simunabwere nayo, mwina munangolota mukubwera nayo. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, poti ngakhale ntchito ya msomali umodzi yankho lake linali lomwelo: "Mubwere mawa." Iwo analilandira ndi manja awiri, amati likusonyeza kuti ntchito imawachulukira.

Ntchitoyi anaphunzira kwa amalume awo, amene anawapirira chaka chimodzi kenako n'kuwathamangitsa. Mukamva iwo akufotokoza, akuti anachoka okha ataona kuti mkuluyo zomuphunzitsa mnzake zamuthera. Chimene anatola kumeneko n'chimodzi basi, ndipo anachigwira osachitaya: guluu ndi mphira. Amapala soli, kupaka guluu uku ndi uku, kuuzira pang'ono, kumenya ndi hamala pa phazi lachitsulo, kenako n'kukulunga nsapato yonse ndi mphira yong'amba ku chubu cha njinga, nganganga, mpaka mitsempha ya m'khosi kutulukira. Ikagona choncho mpaka mawa, soli imagwira. Tisawanamizire, pa nsapato njirayi imathandizadi, nthawi zina.

Vuto linali loti njirayi ankapita nayo kunyumba. Mwendo wa mpando, chogwirira cha ketulo, mpini wa tsache, wailesi, ngakhale magalasi a akazi awo, chilichonse m'nyumbamo chinali chitavala lamba wakuda. Kalipentala, wowotcherera zitsulo, wokonza mawailesi, onsewo kwa a Mubweremawa anali mbava zovala ovolosi. "Palibe chimene guluu angachilephere," ankatero. "Amalephera ndi munthu wosadziwa kumanga."

Akazi awo anthu ankangowatcha mayi a Mubweremawa, ngakhale iwo sanauzepo munthu kuti abwere mawa. Ntchito yawo yodziwika inali kuluka majuzi a ana asukulu, koma ntchito yeniyeni, ya zaka makumi atatu ndi zinayi, inali kusesa m'mbuyo mwa bambowo. Mpando uja utagwetsa mlendo, amayi anati anauika pamalo okwera ndi iwo. Wailesi itamwa guluu n'kusiya kulankhula, anauza ana kuti anaigwetsa ndi iwo pokolopa. Kasitomala akabwera kunyumba atafufuma, nsapato ili kukamwa yasaa, amayi ankamuphikira tiyi n'kupepesa ngati anasoka ndi iwo. A Mubweremawa sanawamenyepo, ayi, zimenezo tisawasemere. Chida chawo chinali pakamwa. Ukawatsutsa lero, nkhaniyo aikoka sabata yathunthu, pa chakudya, pochapa, povala, mpaka uvomere kuti unalakwitsa kubadwa. Choncho amayi anaphunzira mawu awiri otsekera msonkhano: "Zoona, bambo."

Ana anayi anakula n'kuchoka, aliyense kulowera kutali kumene mphira singafike. Nyumba inatsala zii. Mwana wawo wamkazi wotsiriza atabwera kudzacheza anapeza mayi ake akukambirana ndi ketulo, kuifunsa chifukwa chake ikuchedwa kuwira, n'kuiyankhira okha. Ulendo wotsatira anabwera ndi kagalu m'katoni, kofiirira thupi lonse koma mapazi onse anayi oyera, n'chifukwa chake anakatcha Sokosi.

"Amayi, muzilankhula ndi ameneyu," anatero mtsikanayo. "Bola ali ndi makutu."

Kuyambira tsiku limenelo amayi anatsitsimuka. Sokosi ankagona pamapazi awo akamaluka, ankaba ulusi n'kuthawira nawo kuseri kwa kabati, ankawaperekeza kumpopi ndi kokayanika zovala. Ankamuuza zonse, ngakhale zimene sanauzepo munthu, ndipo iye sanawatsutsepo kapena kuwaphunzitsa. A Mubweremawa ankati galu ndi chinthu cha panja, chodya zotsala. Koma kagaluko, kupusa kwake, kankawakonda kwabasi. Kakangomva fungo la chikopa ndi polishi pageti kankathamanga mpaka kugubuduka.

Lachiwiri lina m'mawa, Sokosi ali ndi miyezi isanu, anathamangitsa mphaka wa kuseri. Mphaka anadutsa pansi pa geti, iye n'kukodwa phazi lakutsogolo lakumanzere mu waya wa m'munsi mwa getilo. Anakuwa kamodzi n'kubwerera ndi miyendo itatu. Amayi anataya zoluka. Anamukhazika pamiyendo n'kuyamba kumupapasa pang'onopang'ono kuyambira paphewa kutsika m'munsi. Paphewa sanadandaule, pabondo sanadandaule. Atafika pa chala chakunja anakoka mwendo n'kuwanyambita dzanja. Chikhadabo chinali chitang'ambika chapakati, timagazi pang'ono, chala chitayamba kutupa. Anatsuka ndi madzi ofunda a mchere, anapukuta, n'kumugoneka m'katoni kuti asathamange. Pofika masana Sokosi anali atayamba kale kuponda pansi, mwamantha, ndipo mbale yake anainyambita yonse. Amayi anaganiza zoti akamaliza mkono wa juzi apite naye kwa dokotala wa ziweto, kuseri kwa siteji ya basi, akaone ngati fupa lili bwino. Bola akanausiya mkono wa juziwo.

Tsiku limenelo a Mubweremawa anabwera kudzadyera kunyumba. Anaima pakhomo, anayang'ana galu, anayang'ana amayi, nkhope n'kuwala ngati munthu amene watola chikwama.

"Watani ameneyu?"

"Wakodwa pageti, bambo. Chikhadabo chang'ambika. Ndimati ndipite naye kwa dokotala wa ziweto."

"Kwa ndani? Kamtsikana kaja kovala choyera? Aaa, mayi! Ine ndagwira mapazi angati pa moyo wanga? Tawerengani. Zaka makumi anayi!"

Amayi anafuna kunena kuti zimene agwira ndi nsapato, mapazi eni ake amabwerera nawo kwawo. Mawuwo anafika pa lilime n'kubwerera.

Bambowo anatenga phazi la Sokosi mmene amatengera nsapato ya kasitomala, kulitembenuza, kulipinda, kulidina ndi chala chachikulu. Sokosi anakuwa.

"Mwamva? Chathyoka patatu. Chikhadabonso chamatuka. Ntchito ya mphindi khumi iyi. Kanditengereni chikwama."

"Guluu pabala, bambo?"

"Nanga chikopa si chikopa? Cha ng'ombe chimagwira, cha galu chikanirenji? Gwirani mutu."

Ndipo amayi anagwira mutu. Anakhala pansi, anapana Sokosi pakati pa mawondo, anamugwira kukamwa ndi manja awiri kwinaku akumunyengerera kuti alimbe mtima, abambo akumuthandiza. A Mubweremawa anapaka guluu pa chikhadabo uku ndi uku, anauzira, anafinya. Anadula kachikopa kouma n'kukayala kunsi kwa phazi kuti akuti fupa liongoke. Kenako anatulutsa mphira, anailuma mbali imodzi, n'kuyamba kukulunga kuyambira kuzala mpaka pamwamba pa mfundo, uku akukoka, uku akupumira m'mwamba. Hamala yokha ndi imene anaisiya m'chikwama, ndipo amayi anathokoza Mulungu pa chimenecho.

"Sikuthina, bambo?"

"Kugwira kumeneko, osati kuthina. Nsapato imagona tsiku limodzi. Uyu poti amayenda, masiku atatu. Wina asakhudze."

"Zoona, bambo."

Masana onsewo Sokosi analira. Ankaluma mphira, kudzikhwekhwereza pansi, kulowa kunsi kwa bedi, kutulukamo, kuyang'ana amayi m'maso. Amayi analuka mizere isanu ndi umodzi n'kuimasula yonse poti inali yokhota. A Mubweremawa atabwera madzulo n'kupeza mano a galu pa mphira yawo anakwiya ngati wina walemba pakhoma la nyumba. Anadula lilime la jombo yakale, anasoka kansapato kokwana phazilo, anabowola timabowo n'kumanga ndi zingwe pamwamba pa mphira. Kunena zoona kansapatoko kanali kokongola, kuposa nsapato zambiri zimene anthu analipira. Sokosi analira mpaka kunja kunacha.

Lachitatu m'mawa anasiya kulira. Anangogona m'katoni, mutu pansi, mwendo uli uko.

"Mwaona?" anatero a Mubweremawa akumwa tiyi. "Chete ameneyo ndi wa munthu wochira. Mukanapita kwa kamtsikana kaja bwenzi pano akubayabe jakisoni."

Masana amayi anawatengera chakudya kuntchito. Anawapeza ali pa kampando kawo, nsapato za anthu zili mbwee osakhudzidwa, iwo akuphunzitsa. Ophunzira anali makasitomala awiri odikira nsapato za sabata yatha, ndi wometa wa pakhomo loyandikana, mdala wowonda amene wakhala akumva maphunziro amenewa kwa zaka zambiri popanda kulembetsa. Fupa tsopano linali litathyoka pasanu.

"Koma achimwene," anatero wometa, "phazi lili ndi magazi, soli ilibe. Bwanji osakangomuonetsa kwa odziwa? Safunsa anadya phula."

"Inu muzinena za tsitsi," anayankha a Mubweremawa. "Ntchito yanu ndi yodula chinthu chakufa kale. Za zamoyo tisiyireni ife."

Makasitomala anaseka, kaya amaseka ndani. Amayi atatenga mbale zawo n'kumabwerera, wometa anawatsatira mpaka pakona, sizasi ili m'manja.

"Alamu, ndikufunseni. Zala za galuyo mukuziona?"

"Zili m'kansapato."

"Kamasuleni mukazigwire. Zikakhala zofunda, chabwino, ine ndiye chitsiru. Koma zikakhala zozizira, musadikire munthu."

Amayi anathamangira kunyumba. Anamasula zingwe n'kuvula kansapato. Nsonga za zala zinali zitatuluka kumapeto kwa mphira, zotupa, zothina, zoyera zija zitayamba kuda. Anazigwira. Zinali zozizira ngati mpopi wa m'mawa. Anatsina chimodzi ndi chikhadabo chawo, Sokosi osakoka mwendo, osatembenuka n'komwe. Apo m'pamene anadziwa tanthauzo la chete uja: galuyo sanachire, phazi ndi limene linasiya kumva.

Anatenga sizasi yawo yodulira ulusi. Anailowetsa nsonga kunsi kwa mphira. Kenako anaganiza za sabata imene ikubwera, za mawu a bambowo pa tiyi, pa chakudya, pakhomo, pamaso pa alendo, kuti tsiku limodzi lokha linatsala koma mayi wina wodziwa zonse anaononga ntchito. Anaitulutsa sizasi ija n'kuibweza m'dengu. Koma abale! Mayi wamkulu, wobereka ana anayi, kuopa pakamwa pa munthu kuposa kuola kwa phazi! Anadziona okha kupusa kwake, ndipo anachita manyazi, koma manyaziwo sanadule mphira. Anamuvekanso kansapato n'kumanga zingwe mmene zinalili kuti zisadziwike.

Madzulo anayesa njira yawo ya masiku onse, yozungulira.

"Bambo, ndimati mwina mungaoneko phazi lija. Likukhala ngati lazizira."

"Mwaligwira?"

"Pamwamba pokha."

"Kuzizira ndiye kuchira. Chinthu chodwala chimatentha, mwaiwala ana aja? Mawa madzulo ndimasula, muone ntchito."

Sokosi anamva mawu a bambowo ali m'katoni, ndipo anamenyetsa mchira kawiri. Chakudya chake sanachikhudze.

Lachinayi m'mawa amayi anadzutsidwa ndi fungo. Silinali la guluu, silinali la chikopa. Ntchentche ziwiri zinali zitafika kale pa kansapato. Mphuno ya Sokosi inali youma, thupi likutentha, ndipo atamuitana anangotsegula diso limodzi. A Mubweremawa anali kubafa, akuimba. Ulendo uno amayi sanaganize za sabata kapena mwezi. Anadula zingwe, anadula mphira, ndipo mphirayo inadumpha n'kusiya ngalande yozungulira mwendo. Atasenda kachikopa kaja, khungu lina linatsalira pomwepo. Sokosi anabuula pansipansi. Anamukulunga m'thaulo, anamuika m'katoni, n'kutuluka osatseka n'chitseko chomwe.

Asanafike pa siteji ya basi anamva mapazi m'mbuyo. Anali a Mubweremawa, malaya osamanga mabatani, sopo ali kukhutu, zidutswa za mphira zili m'manja.

"Wadula ndani? Mayi, ndikufunsa, wadula ndani? Maola ochepa okha anatsala! Mukudziwa kuti guluu akasokonezedwa sagwiranso?"

Amayi anangopitiriza ulendo. Bambowo anawatsatira msewu wonse akufotokoza za guluu, kudutsa ogulitsa makala, kudutsa pokonzera njinga, anthu akutembenuka. Katoni inali yolemera, koma mphunzitsi sanyamula katundu.

Kwa dokotala wa ziweto kunali benchi imodzi ndi fungo la mankhwala. Panali bambo wina ndi mphaka m'basiketi, ndi mayi wina ndi galu wamkulu womangidwa kukamwa. Atangomva fungo lochokera m'katoni, onse awiri anauza amayi kuti ayambe ndiwo kulowa. Dokotalayo anali wamng'onodi, msinkhu wa mwana wawo wotsiriza uja. Anagoneka Sokosi pa tebulo lachitsulo, anavundukula thaulo, ndipo nkhope yake inasintha. Anagwira chala chimodzichimodzi, anayang'ana ngalande ija, ananunkhiza chikhadabo.

"Uyu ndi guluu wa nsapato? Ndipo ichi chinali chomangidwa ndi chiyani? Anamanga ndani?"

Amayi anatsegula pakamwa. Tinene zoona, amafuna kunena kuti ndi iwo. Lilime linali litazolowera njira imeneyo moti likanayenda lokha. Koma sanapatsidwe mpata ngakhale wodzinamizira okha.

"Mukuwadziwa azimayi, adokotala," anatero a Mubweremawa, dzanja la zidutswa za mphira litalowa kale m'thumba. "Chifundo chambiri, nzeru pang'ono. Anatenga zida zanga ine ndili kuntchito. Ndinawauza tsiku lomwelo kuti tibwere kuno kwa odziwa."

Kamtsikana kovala choyera kaja kanali katasanduka adokotala odziwa pa mphindi imodzi. Amayi anawayang'ana amuna awo. Munthuyo sanaphethire n'komwe.

Dokotala anatembenukira kwa amayi, ndipo sanawanyengerere. "Mayi, mwalera ana inu? Mwendo wa mwana mungaumange ndi mphira masiku awiri? Magazi amayenda bwanji? Chikhadabo chong'ambika timangochidula, kutsuka, basi, sabata isanathe galu akuthamanga. Pano sindikudziwa ngati phazili tilipulumutse. Akamalira simunkamumva?"

"Mwamvatu," anatero a Mubweremawa akugwedeza mutu. "Zomwe ndimanena zija."

Chitseko chinali chotsegula, a pabenchi aja ankamva zonse. Amayi anaweramitsa mutu.

"Ndinkamumva. Pepani, adokotala."

Sokosi anatsala komweko. Dokotala anati amubaya mankhwala ndipo adikira masiku awiri kuti aone zala zimene zidzuke ndi zimene zafa. Amayi ankapita m'mawa ndi masana, wapansi, kukakhala pafupi ndi khola lake n'kumamulankhula. A Mubweremawa sanapondekonso. Anali otanganidwa pakhonde paja, kumene nkhani inali itavala malaya ena: akuti dokotala mwini wake wavomereza kuti pakanapanda mphira, poizoni akanakwera mpaka kumtima. Wometa anangolowa m'nyumba mwake n'kukweza wailesi.

Loweruka dokotala anawaitana amayi m'chipinda. Anati zala ziwiri zam'kati zafunda, kachikopa kouma kaja kanazitchingira mwangozi. Ziwiri zakunja zafa ndipo azichotsa tsiku lomwelo, apo ayi kuolako kukwera.

"Ndipo tamujambula," anaonjeza. "Fupa silinathyoke paliponse."

"Ngakhale pamodzi?"

"Ngakhale pamodzi, mayi."

Amayi anasaina pepala. Dzanja limene linagwira mutu wa Sokosi ndi lomwelo linalemba dzina lovomereza kuti amudule zala, ndipo anatuluka akulira poyera, osasamala za amene akuwaona. Sanalire chifukwa cha amuna awo. Amenewo anawadziwa kalekale. Ankalira chifukwa Lachitatu masana sizasi inali m'manja mwawo, nsonga ili kale kunsi kwa mphira.

Lolemba anabwera naye kunyumba. Phazi linali m'bandeji yoyera, yofewa, nsonga za zala zotsalazo zili panja. Dokotala anawalangiza kuti azizigwira katatu pa tsiku ngati zili zofunda, bandeji isanyowe, ndipo Lachitatu abwerenso kudzasintha. Anamuika m'katoni pafupi ndi mpando wawo wolukira. Sokosi anamwa madzi, anadya pang'ono, n'kugona.

A Mubweremawa anafika dzuwa lisanalowe. Munthu wina akanayamba ndi pepani, kapena akanangodutsa mwakachetechete n'kukakhala kuchipinda. Iwo anaika chikwama pansi, ananjuta pa katoni, n'kuyamba kuyendera ntchito ya mnzawo. Anadina bandeji, anaikoka pang'ono, kenako analowetsa chala kunsi kwake.

"Taonani! Chala changa chikulowa chonse. Uku ndiye kumanga? Sukulu zaka zonsezo, bandeji osaidziwa. Ichi chivuka kusanache." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa mphira yatsopano, yaitali. "Tingolimbitsa pamwamba pokha. Gwirani mutu."

"Ikani pansi."

Bambowo anayang'ana kukhomo, kuganiza kuti mwina mwalowa munthu wina.

"Mwati bwanji?"

"Ndati ikani pansi mphirayo. Zala ziwiri mwadya zija sizinakukwaneni?"

"Ine? Ha! Chinaononga ndi phuma lanu. Ndinati masiku atatu, inu n'kudula pa awiri. Mphira yanga sithina, mayi. Imagwira. Zaka makumi anayi palibe anadandaulapo."

"Nsapato idandaula bwanji?" anatero amayi. "Chabwino. Poti sithina, mangani chala chanu mmene munamangira phazi lake. Mukafika nayo pa chakudya chamadzulo, galuyo ndikupatsani mumange, mutu ndigwira ndine."

A Mubweremawa sanakanepo mwayi woonetsa anthu ntchito. Anaseka, anakhala pampando, analuma mphira mbali imodzi n'kukulunga chala cholozera cha kumanzere, kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutulukira, kenako n'kupisa nsonga yake kunsi mwaluso kuti isamasuke. Anakweza chalacho m'mwamba kuti nyumba yonse ione. Amayi anachotsa wotchi pakhoma n'kuiika patebulo.

Mphindi yoyamba bambowo anaphunzitsa za kusiyana kwa kugwira ndi kuthina. Yachiwiri anaphunzitsabe, koma nsonga ya chala inali itafiira n'kuyamba kuda, ndipo ankaiyang'ana mobisa. Yachitatu anaika dzanja pabondo, analichotsa, analipana kukhwapa. Thukuta linatuluka pamphuno. Yachinayi phunziro linaima pakati pa mawu. Anayamba kufufuza nsonga ya mphira ndi dzanja linalo, koma anali ataipisa bwino kwambiri, ntchito ya katswiri. Anayesa ndi mano.

"Mayi, tandithandizani."

"Chakudya sichinapse."

"Mayi, chonde, chikubaya!"

Amayi anatenga sizasi m'dengu, osathamanga, n'kudula. Magazi atabwerera m'chala bambowo anakuwa kuti "Mayo!" n'kuyamba kukupiza dzanja, kuliuzira, kulipana pakati pa mawondo.

"Mphindi zisanu sizinakwane," anatero amayi. "Inu muli ndi pakamwa, mwapempha, ndakudulirani. Iye wakhala nayo masiku awiri. Anapempha tsiku lonse ndi usiku wonse, ine ndili pompano ndikuluka. Chimenecho ndi changa, ndifa nacho. Koma cha kuchipatala chija, chondiimika pamaso pa anthu kuti ndinamanga ndine, ndakusenzerani komaliza. Lachitatu tikukasintha bandeji. Katoni mukanyamula ndinu, ndipo mukamuuza dokotala ndi pakamwa panu amene anapaka guluu ndi amene anamanga. Mukakana ndikanena ndekha, ndipo ndikayambira pakhonde panu paja, makasitomala ali pomwepo."

"Chala cha munthu n'chosiyana," anatero a Mubweremawa, koma mawu awo anatuluka ang'onoang'ono.

Amayi anatola mphira yodukayo pamodzi ndi yotsala m'chikwama n'kukaziponya m'bini panja. Pobwerera anapeza bambowo atatsika pampando, atagwada pa katoni, chala chotupa chili m'kamwa. Sanamugwire galuyo. Ankangoyang'ana kumapeto kwa bandeji, milomo ikuyenda, akuwerenga zala zimene zatulukira. Anapeza ziwiri, ndipo anayambiranso kuwerenga.